Amisiri a Pagombe

M'dera la Mfumu Kadewere, m'boma la Chiradzulu, mulibe nyanja, mulibenso mtsinje waukulu woti n'kuyendamo boti. Kumeneku n'kwa chimanga, nandolo ndi mbatata, kwa njinga zakabaza ndi timisika ta m'mbali mwa msewu. Koma ndiwo za m'mbale zimanena zina. Matemba ouma amene amayi amagula pamulu, makumba ndi milamba yowamba, zambiri mwa izo zimachokera ku nyanja ya Chilwa. Usipa ndi utaka zimachokera ku nyanja ya Malawi, nthawi zambiri kudzera ku msika wa Limbe. Nsomba zonsezi zinafika kumtunda pa bwato kapena pa boti, ndipo bwato uliwonse uli ndi amene anausema, boti lililonse lili ndi amene analikhoma, pagombe penapake, pansi pa mtengo wa mthunzi, ndi zida zokwana m'thumba limodzi.

Malo oterewa alibe chikwangwani, ndipo m'mabuku a sukulu satchulidwa. Munthu amawazindikira ndi fungo la phula wotentha, zipalapala za matabwa ndi kulira kwa hamala. Komatu ntchito imene imachitika pamenepo ndi yakale kuposa mzinda wa Blantyre, ndipo mbiri ya dziko lino inadutsa m'manja mwa anthu oigwira.

Chiradzulu yemwe ali ndi gawo lake pa mbiriyi. Mtsinje wa Namadzi, umene umathira madzi ake ku Chilwa, umadutsa pa Magomero, pomwe Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA anamanga msasa mu 1861. Mu Januwale 1862, Mackenzie ndi mnzake Henry Burrup anatsikira ku Shire n'kukwera bwato kuti akakumane ndi David Livingstone pomwe Ruo amathira mu Shire. Ali m'njira bwato unagubuduzika, ndipo mankhwala awo a malungo anapita ndi madzi. Mackenzie anamwalira pa 31 Januwale. Burrup ananyamulidwa kubwerera ku Magomero, komwe nayenso anatsirizika patangopita milungu yochepa. Chaka chomwecho amishoni anasamuka pa Magomero. Amene anabwera pambuyo pawo anali atadziwa kale kuti m'dziko la Shire ndi nyanja, moyo wa munthu umadalira chombo chimene wakwera.

Eni dziko anali atadziwa zimenezi kalekale. Amang'anja a kuchigwa cha Shire, Anyanja ndi Atonga a m'mbali mwa nyanja ankasema mabwato ku mitengo ikuluikulu. Mtengo ankaugwetsa kunkhalango, n'kuukumba m'kati komweko ndi nkhwangwa ndi nsompho kuti upepuke, kenako mudzi wonse unkaukoka ndi zingwe mpaka kugombe, nyimbo zili pakamwa. Kumaliza kwake kunkachitikira m'mphepete mwa madzi, pomwe mmisiri ankatha kuuyesa ngati ukupendekeka. M'zaka za m'ma 1800 kunabwera luso lina. Jumbe wa ku Nkhotakota ndi Makanjira wa kutsidya la kummawa anali ndi zombo za matanga, zokhomedwa ndi matabwa motengera za kugombe la nyanja ya mchere. Livingstone anapeza chimodzi chikukhomedwa ku Nkhotakota mu 1863. Zombo zimenezi zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo pa ulendo wopita ku Kilwa. Amene amalemekeza luso la pagombe sayenera kubisa zimenezi: matabwa oyamba kukhomedwa kukhala chombo pa nyanja yathu ananyamula anthu omangidwa m'magoli.

Sitima za nthunzi zinakumana ndi vuto limodzi lalikulu. Kuchokera ku Zambezi, sitima inkatha kukwera Shire mpaka cha ku Chikwawa, koma kuyambira pa Kapichira kukafika ku Matope pali mathithi otsatizana, Mpatamanga, Tedzani ndi Nkula ali m'gulu lomwelo, pa mtunda wosachepera makilomita 60. Palibe sitima yokwera mathithi. Livingstone anaitanitsa Lady Nyassa, yopangidwa zidutswazidutswa kuti inyamulidwe pamutu, koma sinafike n'komwe ku nyanja imene anaitchulira dzina, ndipo mu 1864 anakaisiya ku Bombay.

Imene inakwanitsa kufika kunyanja ndi Ilala, mu 1875. Gulu la amishoni a Livingstonia, lotsogozedwa ndi E. D. Young ndipo Robert Laws ali momwemo, linalumikiza sitimayi kumathiriro a Zambezi, n'kukwera nayo mpaka kumunsi kwa mathithi. Kumeneko anaimasula yonse. Mafumu a Amakololo anasonkhanitsa anthu mazanamazana, amene anasenza zitsulozo pamutu ndi pamapewa, dzuwa la chilimwe likuswa mtengo, m'njira za miyala ndi zigwembe. Young anachitira umboni kuti katundu yense anafika, osasowa kanthu. Kumtunda kwa mathithi anailumikizanso, ndipo pa 12 Okutobala 1875 Ilala inalowa m'nyanja.

Kuyambira pamenepo magombe a Shire wa kumtunda anasanduka malo a hamala ndi moto. Pa Matope analumikiza Charles Janson, sitima ya UMCA, mu 1885. Pa Mpimbi Ajeremani analumikiza Hermann von Wissmann mu 1893. Ku Fort Johnston, komwe lero timati Mangochi, boma la atsamunda linalumikiza sitima yankhondo ya Guendolen chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Sitima ziwiri zomalizazi zinadzakumana mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Kaputeni Rhoades wa Guendolen anapeza Wissmann itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe pa Sphinxhaven, pomwe lero ndi Liuli ku Tanzania, ndipo anaiombera ili pomwepo.

Koma nkhani yokoma kuposa zonse ndi ya Chauncy Maples. Sitimayi anaitcha dzina la bishopu amene anamira m'nyanja mu 1895 boti lake litagubuduzika ndi namondwe. Kampani ya Alley & MacLellan ya ku Glasgow ndi imene inaipanga, yotalika mamita 38, ndipo itatha anaimasula n'kuitumiza m'zidutswa 3,481. Chowiritsira madzi chake, cholemera matani 11, sichikanatheka kugawidwa. Anachikweza pa ngolo ya mawilo achitsulo, ndipo amuna 450 a Chingoni anachikoka kudutsa m'mapiri ndi m'makwawa, tsiku lonse n'kuyenda makilomita 5 okha. Zidutswa zinazo zinayenda pamitu ya anthu.

Zitafika kwa Mponda, m'mbali mwa Shire, tsoka linaoneka. Ku Glasgow chidutswa chilichonse anachilemba nambala kuti olumikiza asavutike, koma pambuyo pake anazikuta ndi zinki woteteza ku dzimbiri, ndipo manambala aja anakwiririka. Panalibe chochita koma kuyesa chitsulo ndi chitsulo, bowo ndi bowo, mpaka chilichonse chitapeza chinzake. Ntchitoyo inatenga zaka ziwiri. Sitima inalowa m'madzi pa 6 Juni 1901, ndipo inatumikira ngati tchalitchi, sukulu ndi chipatala choyenda, kenako ngati sitima ya usodzi, pambuyo pake ya anthu apaulendo. Mpaka pano imatchulidwa pakati pa sitima zakale kwambiri zimene zatsala mu Africa. Ili ku Monkey Bay, komwe ntchito yoikonzanso kuti ikhale chipatala choyenda inayambika koma sinafike kumapeto.

Mabuku a mbiri amatchula mabishopu, makaputeni ndi makampani a ku Scotland. Anthu amene anatenthetsa misomali yachitsulo pamoto, kuigwira ndi mbaniro ndi kuikhoma dzuwa lonse, kawirikawiri amangowerengedwa ngati chiwerengero. Izi n'zopweteka, chifukwa zaka ziwiri za kwa Mponda zinali sukulu. Munthu amene wathera miyezi akufanizira zitsulo zopanda manambala amatuluka akudziwa momwe chombo chimakhalira, osati kungomvera malamulo a kapitawo. Amishoni a UMCA anadzakhala ndi malo awo okonzera sitima ku Malindi, kutsidya la kummawa, ndipo kumeneko anyamata a m'midzi yozungulira anaphunzira zitsulo, injini ndi ukalipentala.

Magombe a Shire anazirala pa zifukwa ziwiri. Choyamba, madzi a m'nyanja anatsika kwambiri, moti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'ma 1930 mchenga ndi udzu zinatseka pomwe Shire amatulukira, sitima n'kulephera kutsika ku Matope. Chachiwiri ndi njanji. Inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mu 1935, chaka chomwe mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa, njanji inali itafika kunyanja pa Chipoka. Ilala imene tikuidziwa lero, yopangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, sinasenzedwenso pamutu. Zidutswa zake zinatsika ku Beira, n'kubwera pa njanji, ndipo anazilumikiza ku Monkey Bay, n'kuyamba ntchito mu 1951. Pa Matope ndi pa Mpimbi, mlendo wa lero sangadziwe msanga kuti panabadwira sitima.

Luso la matabwa ndi limene linatsala m'manja mwa anthu wamba, ndipo linakula pamodzi ndi usodzi. Nthambi ya boma yoona za usodzi inakhazikitsa malo okhomera maboti ku Mpwepwe, m'boma la Mangochi, komwe kulinso sukulu ya Malawi College of Fisheries. Cholinga chinali choti asodzi akhale ndi maboti a matabwa otha kunyamula makoka aakulu, kulandira injini ndi kulowa m'kati mwa nyanja, komanso kuti mitengo ikuluikulu ipume. Maukonde nawo anafuna zimenezo. Pa nyanja ya Malombe, imene Shire amadutsamo, khoka la nkacha limakokedwa ndi maboti awiri a matabwa, wina n'kumira pansi kukamanga kukamwa kwa khokalo. Pa nyanja yaikulu, chilimira chimafuna boti ndi mabwato pamodzi, siginala ali mu bwato wake ndi nyali zoitanira usipa usiku. Asodzi atachuluka, malo amodzi a boma sakanakwanitsa. Maboti ambiri amene ali m'madoko lero anakhomedwa ndi anthu opanda satifiketi iliyonse.

Anthu amenewa ndi ndani? Ena ndi asodzi amene anayamba ndi kumata boti lawo lomwe litayamba kudontha. Ena ndi akalipentala a zitseko, mipando ndi mabokosi a maliro, onga amene amapezeka pa malo a malonda alionse a ku Chiradzulu, amene anapita kunyanja kukasaka ganyu n'kukapeza kuti sowo ndi hamala zili ndi ntchito ina. Njira yawo yophunzirira ndi imodzi. Mnyamata amayamba ndi kugwirira thabwa pamene mkulu akukhoma, kuwongola misomali yakale, kusonkha moto wa phula. Amamva "Tagwira apa, mphwanga," ndipo iye amayankha "Chabwino, achimwene," kapena "Ndamva, bambo," osafunsa zambiri. Pakapita nthawi amamupatsa boti lakale kuti achotse thabwa lowola n'kuikapo lina. Apa ndiye pagona sukulu yeniyeni, chifukwa pomasula boti lakale munthu amaona momwe mmisiri wina anaganizira: pomwe anaika nthiti zoyandikana, pomwe anasunga thabwa lokhuthala, pomwe analakwitsa madzi n'kupeza polowera. Zimafanana ndi mwana wophunzira kuphika nsima, amene amadziwa kuti phala lapsa poyang'ana ndi pomva kulemera kwa mthiko, osati poyeza ufa pa sikelo.

N'chifukwa chake malo enieniwo ndi ofunika, osati mmisiri yekha. Kalipentala wa kwa Kadewere angathe kuona chithunzi cha boti pa foni, kapena kanema wa pa intaneti wa azungu akukhoma lawo, koma sangaphunzire pamenepo kuti thabwa la bulugamu losauma bwino limapindika motani likakhala padzuwa la ku Chilwa. Pagombe pali maboti akale oti ayezepo, pali asodzi odzadandaula kuti boti lija likumwa madzi kumbuyo, pali madzi oyesera ntchito tsiku lomwelo. Kuchotsa chimodzi mwa zimenezi, luso limayamba kuonda.

Kukhoma kumayamba ndi msana, thabwa lolimba loyenda pansi kuchokera kumutu mpaka kumbuyo. Mmisiri amaukhazika pa zipika, n'kuuwongola ndi chingwe. Akaphonya apa, boti lidzakhala likukhotera mbali imodzi moyo wake wonse. Kenako amaimika mutu, ndi thabwa lakumbuyo lomwe liyenera kukhala lokhuthala ngati padzamangidwe injini. Nthiti zimabwera pambuyo pake, ziwiriziwiri, ndipo ndi zimene zimapatsa boti mimba yake. Matabwa a m'mbali amawapinda pang'onopang'ono, wina atakanikiza, wina akukhoma, chifukwa kufulumira kumang'amba thabwa lomwe lagulidwa ndi ndalama zambiri. Mipata yotsala amaitseka ndi thonje, chingwe kapena nsanza, kuzikhomerera ndi tchizulo, n'kumata phula pamwamba. Ikatha penti, ndi dzina limene mwini wake wasankha, boti limalowa m'madzi. Masiku oyamba limadontha ndithu, ndipo wophunzira amada nkhawa, koma mkulu amadziwa kuti matabwa akamwa madzi amafufuma n'kutsekana okha.

Zambiri mwa izi sizilembedwa. Miyeso imakhala m'mutu, pa ndodo yolembedwa mizere, kapena pa zidutswa za matabwa zosungidwa kudenga zomwe mmisiri amajambulira nthiti. Mwini wake akamwalira, ana osadziwa amatha kusonkhera moto zidutswa zimenezo.

Madzi alionse ali ndi chombo chake, ndipo apa ndi pamene nzeru za amisiriwa zimaonekera bwino. Nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita pafupifupi 700 kumpoto, ndipo mwera ukawomba m'miyezi yozizira mafunde amakula ngati a nyanja ya mchere. Bwato wa kumeneko amausema ndi milomo yopindikira m'kati, kukamwa kopapatiza, kuti funde lisathire madzi ambiri, ndipo boti limafuna mutu wosongoka ndi wokwera. Chilwa ndi wina. Ndi nyanja yosaya, yamatope, yozunguliridwa ndi mabango ndi udzu wa m'madzi, moti m'malo ambiri munthu amayendetsa chombo pokankha pansi ndi nsungwi yaitali m'malo mopalasa ndi nkhafi. Kumeneko boti la pansi pophwatalala ndi limene limayenda, kuchokera pa doko la Kachulu kupita ku chilumba cha Chisi, kapena kukafika ku zimbowera, timisasa toyandama ta asodzi m'kati mwa udzu. Kuchigwa cha Shire, ku dambo la Elephant Marsh ndi kumadoko a ku Nsanje, bwato umalimbana ndi mkokomo wa madzi, namasupuni ndi mvuu, ndipo umanyamula anthu, njinga ndi matumba a chimanga. Boti lokhomedwa bwino ku Nkhata Bay likhoza kukhala lopanda ntchito pa Kachulu.

Chimene chikusintha zonse ndi mitengo. Bwato wabwino unkafuna mbawa, mlombwa kapena mtengo wina waukulu wa m'mbali mwa mitsinje, wokula zaka makumimakumi. Mitengo yotere yatha m'madera ambiri, ndipo yotsalayo ili m'nkhalango zotetezedwa ndi lamulo la za nkhalango la 1997. Osema ambiri tsopano akugwetsa mango ndi bulugamu. Bwato wa mitengo yotere suchedwa kung'aluka, ndipo m'madoko mwadzaza mabwato a zigamba za malata ndi pulasitiki wosungunula. Maboti a matabwa nawo anali ndi mtengo wawo wapamtima: mkungudza wa pa phiri la Mulanje, wopepuka, wonunkhira, wosadyedwa ndi chiswe ndiponso wosawola msanga m'madzi. Mtengo wa fuko lathuwu unadulidwa mopanda chisoni, moti kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri ponse. Mu 2022 mayiko anaika mbawa ndi mlombwa pa mndandanda wa CITES wa mitengo yoyenera kuyang'aniridwa pa malonda a pakati pa mayiko.

Pamenepa boti la matabwa lili ndi mwayi woonekeratu. Bwato umodzi umadya thunthu lonse, ndipo gawo lalikulu la mtengo limathera m'zipalapala. Thunthu lomwelo likachekedwa limatulutsa matabwa ambiri, ndipo thabwa likawola limachotsedwa lokha, boti n'kupitiriza ntchito. Choncho mmisiri wa matabwa ndi amene tsogolo la usodzi wa anthu wamba likumuyang'ana. Koma wosema bwato asatayidwe ngati chinthu chachikale. Iye ndi amene amadziwa kuwerenga mtengo usanagwe, kumva kukhuthala kwa khoma pogogoda ndi chala, ndi kusiya kulemera pansi kuti bwato usagubuduzike.

Ku Chilwa kuli mdani winanso. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka, anthu n'kumapita ku Chisi wapansi ndi pa njinga. Nthawi zotere mabwato ndi maboti amagona padzuwa miyezi yambiri, matabwa n'kukanuka. Asodzi amasamukira ku Chiuta, ku Malombe kapena ku Mangochi, ena amabwerera kumunda, ndipo ku misika ya ku Chiradzulu matemba amasowa kapena kukwera mtengo. Madzi akabwerera, nsomba zimabwerera msanga kuchokera m'mitsinje ndi m'maiwe momwe zinabisala. Chimene sichibwerera chokha ndi mmisiri. Ngati anapita ku Johannesburg, kapena anakalamba wopanda womutsatira, doko limayamba ndi maboti omatidwa mwachisawawa, ndipo ndi maboti omwewo amene amanyamula amayi, ana ndi odwala.

Dziko lino limadziwa kusunga zakale likafuna. Chilwa analembedwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 1997. Gule Wamkulu ndi Vimbuza zili pa mndandanda wa UNESCO wa chikhalidwe cha anthu, Tchopa wa Alomwe, amene amavinidwanso ku Chiradzulu, analowa mu 2014, ndipo nsima inalowa mu 2017. Ku Mangochi, pafupi ndi mlatho wa pa Shire, pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, mfuti ya Guendolen, chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julayi 1946, ndi nyumba yosungira zakale ya Lake Malawi Museum. Zonsezi n'zabwino. Koma zikukumbutsa sitima zachitsulo ndi eni ake, pamene ntchito yamoyo, imene ikuchitika mtunda wochepa kuchokera pamenepo, ilibe woilemba.

Maiko ena anaona kale kuti luso la zombo ndi chuma cha fuko. UNESCO inalemba luso lokhoma zombo za pinisi za ku Sulawesi, m'dziko la Indonesia, mu 2017, ndi la maboti a matabwa osanjikizana a ku Denmark, Finland, Iceland, Norway ndi Sweden mu 2021. Ku Roskilde, m'dziko la Denmark, anafukula zombo 5 za Aviking m'madzi mu 1962 n'kuzimangira nyumba yozisungira. Sanalekere pomwepo. Pambali pa nyumbayo anatsegula malo okhomera, pomwe amisiri amapanga zombo zofanana ndi zakalezo ndi nkhwangwa, anthu akuonerera ndi kufunsa, ndipo magulu a anthu wamba okonda maboti amathandiza kuzisamalira ndi kuziyendetsa. Chimodzi mwa zombo zimenezi, chotalika mamita 30, chinamalizidwa mu 2004 ndipo mu 2007 chinayenda ndi matanga mpaka ku Dublin. Zambiri za momwe makolo awo ankagwirira ntchito anazitulukira pokhoma, osati poyang'ana matabwa akale m'galasi.

Kwathu kuno sitifunika kufukula kanthu, popeza amisiri akadali moyo ndipo akugwira ntchito. Choopsa n'choti malo awo alibe chitetezo. Ambiri amakhomera pa malo a mudzi, mwa chilolezo cha pakamwa cha a mfumu, ndipo magombe a ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay akugulidwa ndi omanga malo ogona alendo ndi nyumba zopumulirako. Mpanda ukangozungulira gombe, mthunzi wa mmisiri umapita, ndipo wophunzira sadziwanso kokamupeza. Makomiti a m'madoko, amene anayamba ku Malombe mu 1993 pofuna kuteteza nsomba, ali ndi mphamvu yoti akhoza kupatula kadera ka okhoma maboti monga amapatulira poyanika usipa. Makhonsolo akhoza kulemba malo oterewa m'mapulani awo asanagawe magombe.

Bungwe la TEVETA, limene limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, lili ndi njira yoyesera ndi kuvomereza anthu ophunzira ntchito kunja kwa sukulu. Njira imeneyi ikhoza kufika kwa okhoma maboti, ndipo mnyamata wophunzira ukalipentala ku Chiradzulu akhoza kutumizidwa miyezi ingapo ku Kachulu kapena ku Mpwepwe, monga ena amatumizidwa ku magalaja a ku Limbe. Chigumula cha namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 chinasonyeza kuti maboma a kummwera amafuna maboti ngakhale kutali ndi nyanja: ku Phalombe, ku Mulanje, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, anthu ena anapulumutsidwa m'mitengo ndi pa zitunda ndi zombo zazing'ono.

Ntchito yofulumira kuposa zonse ndi yotsika mtengo. Ndi kuyeza ndi kujambula zombo zakale zisanawole: kutalika, kukula kwa mimba, mtunda wa pakati pa nthiti, mtundu wa mtengo, dzina la mmisiri ndi la amene anamuphunzitsa. Pamafunika tepi yoyezera, chingwe, kope, foni yojambulira ndi chilolezo cha mwini chombo. Ophunzira a ku University of Malawi ku Zomba ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pa Kachulu, ndipo nyumba yosungira zakale ya ku Mangochi ili m'mbali mwa Shire momwe, pafupi ndi kwa Mponda. Oyenera kuyamba kuyezedwa ndi mabwato akuluakulu a mbawa ndi mlombwa amene atsala m'madoko, chifukwa mitengo ya msinkhu umenewo yoti n'kusemanso ena njosowa kale.